Kodi Selena Anali Wotchuka Motani Asanaphedwe?

Funso: Ndaonera filimu ya moyo wa Selena, woyimba wa ku Texas uja anaphedwa ali ndi zaka 23, ndipo masiku ano nyimbo zake sizichoka m'foni mwanga. Koma takhala tikutsutsana ndi mnzanga. Iye akuti mtsikanayu anatchuka chifukwa cha imfa, ali moyo ankangodziwika kwawo konko. Ine ndikuona ngati anali kale namandwa. Zoona zake n'ziti?

Yankho: Achemwali, inu ndi mnzanuyo aliyense wagwira mbali yake ya nkhani imodzi, koma mbali yanu ndi imene ili yolemera. Pofika mwezi wa Malichi 1995, Selena Quintanilla anali woyimba wamkulu kuposa wina aliyense pa chamba cha Tejano (nyimbo za anthu a ku Texas a magazi a ku Mexico), anali mmodzi mwa oyimba amene zimbale zawo za Chisipanishi zinkayenda malonda kwambiri m'dziko la United States, ndipo dzina lake linali litazika mizu ku Mexico. Mwezi womwewo, anthu ambiri a ku America olankhula Chingerezi chokha anali asanamvepo n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Selena. Zinthu ziwirizi zinali zoona nthawi imodzi, m'dziko limodzi, nthawi zina mumzinda umodzi.

Kuti zimveke, muyenera kudziwa mmene msika wa nyimbo unalili kumeneko. Kalembera wa mu 1990 anapeza kuti m'dziko la United States munali anthu pafupifupi 22.4 miliyoni ochokera m'mabanja a mayiko olankhula Chisipanishi, omwe anali anthu 9 pa 100 alionse. Ku Texas kokha analipo oposa 4 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa anayi. Anthuwa anali ndi mawayilesi awoawo, makanema awo a Univision ndi Telemundo, masitolo awo a makaseti, mphoto zawo, ngakhalenso mindandanda yawo ya nyimbo m'magazini ya Billboard. YouTube kunalibe. Nyimbo inkamupeza munthu kudzera pa wayilesi imene watsegula kapena pa kaseti imene wagula, ndipo wayilesi ya Chingerezi siinkaika kawirikawiri nyimbo ya Chisipanishi. Choncho woyimba ankatha kudzaza bwalo la masewero usiku, m'mawa mwake n'kukalowa m'sitolo ya kutsidya kwa mzinda womwewo popanda womucheukira.

Msika wa Chisipanishiwo nawonso sunali umodzi. Ku Miami kunali anthu ochokera ku Cuba, ku New York kunali a ku Puerto Rico ndi ku Dominican Republic okonda salsa ndi merengue, ku California kunali ochokera ku Mexico okonda banda ndi norteño. Tejano ndi nyimbo za anthu a magazi a ku Mexico obadwira ku Texas. Msana wake ndi kayimbidwe ka polka ndi akodiyoni, zimene zinabwera ndi anthu ochokera ku Germany ndi ku mayiko a Czech amene anakhazikika m'deralo m'zaka za m'ma 1800. Pambuyo pake anawonjezeramo cumbia yochokera ku Colombia, makiyibodi ndi magitala amagetsi. Chinali chamba cha m'maholo ovinira, cha pa ukwati ndi pa zikondwerero za m'midzi, ndipo olamulira ake anali amuna: La Mafia, Mazz, Emilio Navaira. Akazi analipo, monga Lydia Mendoza kalekale ndi Laura Canales, koma eni maholo ambiri sankakhulupirira kuti mkazi angakoke khamu lolipira pakhomo.

Selena anabadwa pa 16 Epulo 1971 ndipo ubwana wake anaukhalira ku Lake Jackson, ku Texas. Anayamba kuyimba ali mwana mu lesitilanti ya bambo ake, Abraham Quintanilla, yotchedwa Papa Gayo's. Lesitilantiyo itagwa banja linasamukira ku Corpus Christi, ndipo kuyimba kunasanduka njira yopezera chakudya. Mchimwene wake A.B. ankaimba gitala ya besi ndi kupeka nyimbo, mchemwali wake Suzette ankaimba ng'oma, gululo likutchedwa Selena y Los Dinos. Ankayenda pa basi yakale imene anaipatsa dzina loti Big Bertha. Sukulu anaisiya ali mu giredi 8 n'kudzamaliza mwa makalata. Mfundo yofunika pa funso lanu ndi yakuti pamene ankaphedwa anali atayimba pagulu kwa zaka zoposa khumi. Zaka 23 zimanamiza, munthu n'kuganiza kuti anali wongoyamba kumene.

Tiyeni tiyambire pa muyeso umene anthu amautchula kwambiri, womwe ndi khamu la ku Astrodome. Pa 26 Febuluwale 1995, kutangotsala mwezi umodzi ndi masiku ochepa kuti aphedwe, Selena anayimba m'bwalo limeneli ku Houston pamaso pa anthu oposa 60,000. Kanema wake alipo mpaka lero ndipo ndi bwino mumuonere musanapitirize mkangano. Analowa m'bwalomo atakwera ngolo yokokedwa ndi akavalo, atavala chovala chapepo chonyezimira chotambalala kumapazi, ndipo anatsegula ndi nyimbo za disco za Chingerezi za m'ma 1970 asanalowe mu cumbia. Mukamaonera, musamangoyang'ana iyeyo. Mvetserani khamulo pamene akuyamba nyimbo yake ya "Como la Flor" pang'onopang'ono, akuima, akudikira, anthu n'kukuwa asanamalize mzere. Anthu amene akuidziwa nyimbo mpaka pamene woyimba amapumira ndi anthu amene aimvera kambirimbiri.

Koma muyesowu uli ndi pobisalira pake, ndipo mnzanu akakhala wochenjera adzakugwirani apa. Phwandolo linali mbali ya chionetsero cha ziweto ndi masewero okwera ng'ombe ndi akavalo chotchedwa Houston Livestock Show and Rodeo, chimene chimakoka namtindi wa anthu chaka chilichonse. Tikiti imodzi inkalowetsa munthu ku masewerowo ndi ku nyimbo komwe. Tsikulo linali lopatulidwira nyimbo za Tejano, ndipo Emilio Navaira nayenso anayimba. Chiwerengero chenichenicho chimalembedwanso mosiyana: ena amati 61,000 ndi kanthu, ena amati oposa 66,000. Chimene chimalimbitsa umboniwu ndi kubwereza kwake. Anayimba m'bwalo limeneli mu 1993, mu 1994 ndi mu 1995, ndipo khamu linkakula chaka ndi chaka. Okonza chionetsero chotere saitana munthu katatu kotsatizana chifukwa chomumvera chisoni.

Muyeso wachiwiri ndi mindandanda ya Billboard, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka chifukwa mindandandayo ndi yambiri. Pali Hot Latin Tracks, umene unkawerenga nyimbo zoikidwa kwambiri pa mawayilesi a Chisipanishi. Pali Top Latin Albums, umene unayamba mu 1993 ndipo umawerenga malonda a zimbale za Chisipanishi. Ndiye pali ikuluikulu iwiri ya dziko lonse, Billboard 200 wa zimbale ndi Hot 100 wa nyimbo. Pa iwiri yoyambayo Selena anali pamwamba penipeni. Anafika pa nambala 1 koyamba mu 1992 ndi "Buenos Amigos", imene anayimba ndi Álvaro Torres wa ku El Salvador. Mu 1994 anabwererako ndi "Donde Quiera Que Estés" limodzi ndi gulu la Barrio Boyzz la ku New York, kenako ndi "Amor Prohibido", "Bidi Bidi Bom Bom" ndi "No Me Queda Más". Nyimbo zinayi pa nambala 1 m'chaka chimodzi, pa mndandanda umene ankapikisana ndi anamandwa ngati Luis Miguel, Juan Gabriel ndi Gloria Estefan. Kugwirizana ndi Torres ndi Barrio Boyzz kunali kwa dala. Kampani yake ya EMI Latin inkafuna kuti mawayilesi a ku Miami ndi ku New York, amene ankakana Tejano, azolowere mawu ake.

Pa mindandanda ya dziko lonse chithunzi n'chosiyana kwambiri. Ali moyo, palibe nyimbo yake imene inalowa pa Hot 100. Chimbale cha Amor Prohibido, chimene chinatuluka mu Malichi 1994 n'kufika pa nambala 1 pa Top Latin Albums, chinangolowa chakumunsi kwa Billboard 200. Chinadzakwera kufika pa nambala 29 iye atamwalira. Malipoti a nthawiyo amasonyeza kuti chinali chitagulidwa makope a pakati pa 400,000 ndi 500,000 asanaphedwe. Pa chamba cha Tejano chimenecho chinali chinthu chosaonekapo. Poyerekeza ndi Mariah Carey kapena Whitney Houston, amene chimbale chimodzi ankachigulitsa mamiliyoni ambirimbiri, chinali chochepa. Mnzanu akatchula zimenezi sakunama.

Dziwani komabe kuti mawerengedwe a malonda ankamuchotsera. Kuyambira mu 1991 Billboard inkadalira makina a SoundScan, amene ankawerenga chimbale chilichonse chodutsa pa makina olipirira m'sitolo. Makinawa anali m'masitolo akuluakulu. Ogula nyimbo za Tejano ambiri ankagula m'timasitolo ta mabanja ndi m'misika ya panja, kumene kunalibe makina otere, osanenanso za makaseti okopera amene anali mbwee m'malire a Texas ndi Mexico. Kaseti yogulidwa pa tebulo la pamsika ku Laredo, mzinda wa m'malirewo, siinkafika m'mabuku a Billboard. Nambala za oyimba a Chisipanishi a nthawi imeneyo muziziwerenga ngati zochepera pa zenizeni.

Pali msampha winanso woyang'ana mbali inayo, umene umakokomeza. Mukafufuza pa intaneti mudzapeza kuti zimbale zake zinalandira ulemu wa platinamu kambirimbiri, ena mpaka makumi angapo. Bungwe la RIAA, limene limapereka ulemuwu, lili ndi miyeso iwiri. Platinamu wamba ndi makope 1 miliyoni. Platinamu wa nyimbo za Chisipanishi, amene anayamba mu 2000, pano ali pa makope 60,000 okha. Kuwonjezera apo, nambala za lerozi zikuphatikiza malonda a zaka pafupifupi 30 ndiponso kumvera kwa pa intaneti. N'zoona zonse, koma sizikukuuzani kanthu za mmene zinthu zinalili mu Malichi 1995.

Za mphoto ndinene mwachidule. Pa Tejano Music Awards ku San Antonio anayamba kupambana ali ndi zaka za m'ma 15, ndipo mphoto ya woyimba wamkazi anaikhalira chaka ndi chaka. Pa 1 Malichi 1994 analandira Grammy chifukwa cha chimbale cha Selena Live!, chojambulidwa pa phwando la ku Corpus Christi mu Febuluwale 1993. Inali Grammy ya gawo la nyimbo za anthu a ku Mexico ndi America, gawo limene anthu oonera mwambowo pa kanema sankalilabadira. Chaka chotsatira Amor Prohibido chinasankhidwa kupikisana nawo m'gawo lomwelo, koma mphoto inapita kwa Vikki Carr.

Umboni umene ine ndimauona wolemera kuposa mphoto ndi wa ku Mexico, ndipo anthu ambiri amaudumpha. Chilankhulo chobadwa nacho cha Selena chinali Chingerezi. Nyimbo za Chisipanishi anayamba kuziyimba pongotsanzira katchulidwe, bambo ake akumuphunzitsa liwu ndi liwu, ndipo kulankhula bwinobwino anakuphunzira atakula. Ku Mexico anthu otere ankanyozedwa. Ankatengedwa ngati ana otayika amene anaiwala lilime la makolo awo, ndipo oyimba a Tejano ambiri ankalephera kudutsa malire ndi nyimbo zawo. Pamene chimbale cha Entre a Mi Mundo chinatuluka mu 1992, "Como la Flor" inagwira moto kumpoto kwa Mexico, ndipo Selena anapita ku Monterrey kukakumana ndi atolankhani, Chisipanishi chake chikadali chopunthwa. Anawagonjetsa ndi kuseka kwake ndi kusadzikweza. Kuchokera pamenepo maphwando ake m'dzikolo ankasefukira, ndipo anaonekeranso mu sewero lotchuka la pa kanema la Dos mujeres, un camino. Mwana wa ku Texas kulandiridwa chonchi ku Mexico chinali chipata chimene ambiri anagogoda osatsegulidwa. Ichi chokha chikugwetsa mawu a mnzanu oti ankangodziwika kwawo.

Amalonda nawonso anali atamuona. Kampani ya Coca-Cola inamutenga kuti azitsatsa malonda ake kuyambira mu 1989, chaka chimene anasainanso mgwirizano ndi EMI Latin. Mu 1994 anatsegula masitolo a zovala okhala ndi saluni, otchedwa Selena Etc., ku Corpus Christi ndi ku San Antonio. Koma onani kuti malonda a Coca-Cola aja ankalunjika kwa anthu olankhula Chisipanishi, makamaka ku Texas. Iye mwini ankakhalabe m'dera la anthu wamba ku Corpus Christi, moyandikana ndi makolo ake, pamodzi ndi mwamuna wake Chris Pérez, woyimba gitala m'gululo, amene anakwatirana naye mu Epulo 1992. Kufikirika kumeneku kunamupangitsa kukondedwa kwambiri, ndipo mwatsoka ndi kumenenso kunapatsa mpata Yolanda Saldívar, amene anayamba ngati mtsogoleri wa gulu la omukonda, n'kudzapatsidwa udindo woyang'anira masitolo aja. Banja litazindikira kuti ndalama zikusowa, Selena anapita kukatenga mapepala a bizinesi ku motelo ya Days Inn mumzindamo pa 31 Malichi 1995, ndipo Saldívar anamuwombera kumsana. Khoti linamupeza wolakwa mu Okutobala chaka chomwecho n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pempho lake loti atulutsidwe linakanidwa mu Malichi 2025.

Imfayi inamupeza ali pakhomo penipeni pa msika wa Chingerezi. José Behar, mkulu wa EMI Latin amene anamusainitsa, ankafuna kuyambira pachiyambi kuti adzayimbe m'Chingerezi, koma akuluakulu a kampani anati ayambe wasonyeza kuti ali ndi anthu omutsatira. Anawasonyeza. Chakumapeto kwa 1993 anasaina ndi kampani ya SBK Records kuti apange chimbale cha Chingerezi, ndipo kumayambiriro kwa 1995 anali akujambula. Anangomaliza nyimbo zatsopano za Chingerezi zinayi. Anali ataonekeranso pang'ono, akuyimba ndi gulu la mariachi (nyimbo zachikhalidwe za ku Mexico), mu filimu ya Don Juan DeMarco ya Johnny Depp ndi Marlon Brando, imene inatuluka patangopita sabata imodzi iye ataphedwa.

Zimene zinachitika m'masabata otsatira ndi zimene zimaonetsa bwino mbali ziwiri zija. Ku Corpus Christi anthu zikwi makumi angapo anafola mzere kuti aone bokosi lake. Mawayilesi a Tejano anasiya mapulogalamu n'kumangoika nyimbo zake. George W. Bush, amene panthawiyo anali bwanamkubwa wa Texas, analengeza kuti 16 Epulo likhale tsiku lokumbukira Selena. Koma nyumba zofalitsa nkhani za Chingerezi zinkachita kufotokozera omvera awo kuti womwalirayu anali ndani, ndipo zambiri zinkamuyerekeza ndi Madonna kuti anthu amvetse. Magazini ya People inasindikiza chikuto cha mitundu iwiri sabata imodzi. Ku Texas ndi madera oyandikana nawo pachikuto panali Selena, kwina konse panali ochita sewero la Friends. Makope a Selena anatha psiti. Akonzi anatulutsa kope lapadera lomukumbukira, nalonso linagulidwa mochititsa kaso, ndipo mu 1996 anayambitsa magazini yatsopano ya People en Español. Howard Stern, wowulutsa mawu wotchuka wa ku New York, ananyoza imfayo ndi nyimbo zake pa wayilesi, ndipo mkwiyo umene anakumana nawo unamudzidzimutsa chifukwa sankadziwa kukula kwa gulu limene analipweteka.

Chimbale cha Dreaming of You chinatuluka pa 18 Julaye 1995, chophatikiza nyimbo za Chingerezi zija ndi zina za Chisipanishi. Chinagulidwa makope 331,000 m'sabata yoyamba n'kulowa molunjika pa nambala 1 pa Billboard 200. Mnzanu adzati, mwaona, imfa ndi imene inachita zimenezo. Mbali ina akunena zoona, chifukwa chisoni ndi nkhani za m'manyuzipepala zinakokera ambiri kusitolo. Koma dzifunseni kuti anthu amene anafola m'masitolo tsiku loyamba anali ndani. Ambiri anali omwe aja a ku Astrodome, a ku Monterrey, a m'maholo a ku San Antonio, amene anali naye kwa zaka zambiri. Imfa inachititsa kuti makampani ndi atolankhani a Chingerezi awawerenge anthuwa kwa nthawi yoyamba. Oyimba ambiri amwalira ali achinyamata popanda zimbale zawo kufika pa nambala 1, chifukwa panalibe gulu loti liwanyamule.

Chimene chinabwera pambuyo pa imfa mosakayikira ndi kudziwika kwake kunja kwa America ndi Mexico. Filimu ya mu 1997, yotsogoleredwa ndi Gregory Nava, imene Jennifer Lopez anasewera ngati Selena, ndi imene inafikitsa dzinali kwa anthu a mayiko akutali, ndipo inu mwalipeza kudzera njira yomweyo. Kenako kunabwera nyenyezi ya dzina lake pa msewu wa Hollywood Walk of Fame mu 2017, sewero la pa Netflix mu 2020, ndi Grammy yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse mu 2021. Filimuyo ionereni mosamala pa mfundo imodzi: inapangidwa banja lake likuyang'anira, ndipo imayenda m'dziko la omukonda, kotero woonera amatuluka akuganiza kuti America yense ankamudziwa.

Maganizo anga ndi akuti akanakhala moyo akanadutsa malirewo yekha. Gloria Estefan anali atasonyeza kale m'ma 1980 kuti n'zotheka, ndipo mu 1999 Ricky Martin, Marc Anthony, Enrique Iglesias ndi Jennifer Lopez anasefukira pa mawayilesi a Chingerezi. Selena akanakhala ndi zaka 28 chaka chimenecho, Chingerezi chili chilankhulo chake chobadwa nacho, ndiponso ali ndi gulu lomutsatira limene anali atalimanga kwa zaka zambiri. Amenewa ndi maganizo, musawatenge ngati umboni pa mkangano wanu.

Pofuna umboni, chitani chinthu chimodzi pa nambala iliyonse imene mwaipeza: onani deti lake, muone ngati lili kutsogolo kapena kumbuyo kwa 31 Malichi 1995, kenako muone kuti ndi ya mndandanda uti. Makanema a pulogalamu ya nyimbo ya Johnny Canales Show, imene Selena ankaonekerako kuyambira ali kamtsikana, ndi a Astrodome ndi umboni wa ali moyo. Dreaming of You, nambala 29 ija ya Amor Prohibido, filimu ndi platinamu wa lero ndi za pambuyo pake. Zina zimagwera pakatikati ndipo zimafuna kusamala. Nyimbo ya "Fotos y Recuerdos" imawerengedwa ngati yachinayi ya m'chimbale cha Amor Prohibido kufika pa nambala 1 pa Hot Latin Tracks, ndipo inafikadi pamenepo mu Epulo 1995, iye ataikidwa kale m'manda. Koma sabata imene anaphedwa, nyimboyo inali kale pakati pa zisanu zapamwamba.